Lemson Thawale ndi Masingano a Rediyamu

Lemson Thawale anafika ku Bulawayo mu 1926 ali ndi jekete imodzi ndi chifuwa cha fumbi la malasha. Kwawo kunali ku Ntcheu, kufupi ndi Mlanda, kumene anaphunzirako sukulu ya mishoni mpaka anadziwa kuwerenga Chizungu chala chili pamzere. Anachoka kumudzi wapansi, nawoloka Zambezi, nakagwera ku mgodi wa Wankie. Kutsokomola kutamukwana anatsikira kuno ku Bulawayo. Anayamba wasenza matumba ku shedi ya njanji, kenako munthu wa kwawo anamulozera ku chipatala cha m'tauni, kumene ankafuna onyamula odwala pa machira.

Anali wamfupi, wa mapewa otambalala, wosaseka wamba. Anzake achindebele anamupatsa dzina loti Kungani, kutanthauza kuti "chifukwa chiyani", chifukwa sankalandira chinthu asanafunse chifukwa chake. Ukamuuza kuti mvula ibwera mawa, iye ankafuna adziwe waionera pati.

Atakhazikika anapita kumudzi kukatenga mkazi wake, Aida Nangozo, nakhala naye m'kachipinda ka ku Lokeshoni, ku Makokoba, ndi ana awo awiri, Bernard ndi mlongo wake. Aida ankachapa zovala za azungu a ku Suburbs. Masiku opanda zochapa ankatola nsatsi zomera zokha m'mbali mwa mtsinje wa Mazayi, n'kuyenga mafuta ogulitsa kwa amayi anzake. Anali mayi wa pakamwa pakuthwa, ndipo m'nyumbamo woseka anali iyeyo.

Pakati pa zaka za m'ma 1930, azungu a m'tauni anasonkherana n'kugulira chipatalacho mankhwala atsopano a khansa otchedwa rediyamu. Anabwera ali m'masingano, masinganowo ali m'bokosi la mtovu. Bokosilo linali ngati buledi kukula kwake, koma kulemera ngati thumba la chimanga. Linkagona m'kabati yachitsulo kuseri kwa chipinda cha ekisire, ndipo makiyi ake ankasunga Sisita Erica Dunmore, mzungu wamtali wa ku Scotland amene ankajambula odwala. Pofuna munthu wamphamvu ndi wosamwa mowa woti azinyamula bokosilo kupita nalo ku chipinda cha opaleshoni, anasankha Lemson.

Tsiku loyamba sisitayo anamupatsa mtengo wautali wokhala ndi ngowe kumapeto. Analankhula m'Chilapalapa chake chokhota, chinenero cha ku migodi.

"Aikona bamba lo bokisi duze ka wena. Hamba tshetsha!"

Ndiye kuti asalikumbatire, alitalikitse ndi thupi, ndipo ayende changu. Lemson anamvera. Kwa zaka ziwiri ankadutsa m'makhonde bokosi likulendewera kutsogolo kwake, anamwino akupatuka. M'kati anaonamo kamodzi kokha: timasingano totuwa, tonenepa pang'ono kuposa tosokera, tili ndi ulusi kumapeto. Sitinkatentha, sitinkafuka, sitinkanunkha. Anafunsapo kuti muli chiyani, anamuyankha kuti ntchito yake ndi kunyamula. Chimene ankaona ndi maso ake chinali chakuti azimayi achizungu obwera ndi zotupa ankagonekedwa, n'kuwalowetsa masinganowo, ndipo ambiri ankatuluka akuyenda okha.

Dzinja la 1938 likutha, Lemson anaona kuti Aida akutukula ndowa ndi dzanja lamanja lokha. Atamufunsa anati ndi nyamakazi. Atamuumiriza, anatseka chitseko n'kumuonetsa. M'bere lakumanzere munali chotupa cholimba ngati mango aanthete, khungu pamwamba pake litakwinyika.

Anapita naye ku mbali ya anthu akuda ya chipatala chomwecho, nyumba zazitali zamalata zimene zinali kutsidya kwa bwalo. Dokotala Ormsby, amene ankayendera mbali zonse ziwiri, anamupima n'kunena kuti ndi khansa, ndipo bere lonse liyenera kudulidwa pamodzi ndi mnofu wa m'khwapa. Aida anamvetsera womasulira mpaka kumapeto, anamanga mpango wake, natuluka.

"Ine ayi," anatero ali pamsewu. "Amayi anga anapita kumanda athunthu. Inenso ndikapita wathunthu."

"Ilipo njira ina, amake Bernard. Masingano amene ndimanyamula aja. Saduladula munthu."

"Muli chiyani m'masinganomo?"

"Mankhwala."

"Mankhwala ake otani, oti satuluka m'singano? Mwanena nokha kuti ndi otseka konsekonse."

Aida sanalekere pomwepo.

"Inu bambo ake a Bernard, chinthucho mumachinyamula ndi mtengo ngati njoka. Mumachithawa. Lero mukufuna achilowetse m'thupi mwanga? Mukadzadziwa chimene chili m'menemo mudzandiuze. Pakali pano ndisiyeni."

Mlongo wake wa Aida, Enock, anali khukhi wa mzungu wina ku Suburbs. Atamva za matendawo anabwera Lamlungu ndi maganizo ake atamanga kale.

"Alamu, munthuyu tipite naye kumudzi miyendo ikadali yolimba. Kuli asing'anga, kuli abale. Zikavuta akagone pafupi ndi amayi. Kuno mudzamuika pakati pa anthu osamudziwa."

"Ndipatseni kanthawi, alamu."

"Kanthawi kochita chiyani?"

"Kofunsa."

Mmawa wake Lemson atabweza bokosi m'kabati sanachoke. Anavula chipewa naima pakhomo.

"Ini wena funa?" anafunsa Sisita Dunmore, ndiye kuti akufuna chiyani, maso ali pa ntchito.

Iye anayankha m'Chizungu cha ku mishoni. Anati akufuna kudziwa chimene chimatuluka m'masingano. Sisitayo anati alibe nthawi. Mawa lake anaimanso pomwepo ndi funso lomwelo, mkuja chimodzimodzi. Tsiku lina anam'kalipira kuti akapitiriza amunenera kwa matironi, mkulu wa anamwino. Lemson anapepesa, n'kuwonjezera kuti mkazi wake ali ndi chotupa ndipo wakana kukambirana za masingano mpaka atamva chimene chili m'kati mwake. Sisitayo anamuyang'ana kwa nthawi yoyamba ngati munthu woti ali ndi kwawo.

"Mkazi wako ndi wanzeru," anatero. "Ubwere masana. Makina afa, ndikudikira amisiri."

Masanawo anamulowetsa m'kachipinda kamdima kotsukira zithunzi, natseka chitseko. Anamugwiritsa kachubu kamkuwa kokhala ndi galasi kumapeto, kamene anabwera nako kuchokera kwawo.

"Dikira maso azolowere mdima. Kenako suzumira."

Poyamba sanaone kanthu. Kenako anaona kuwala kobiriwira ngati nkhungu. Atasuntha galasi pang'ono, nkhunguyo inasweka n'kukhala timoto tosawerengeka, tikuthwanima apa ndi apo, kena kuzima kena kuyaka, osapuma. Lemson anachotsa diso msanga n'kugwira kachubuko ndi chikhatho. Kanali kozizira.

"Mwayatsa chiyani m'menemu, sisita?"

"Palibe. Muli kachidutswa ka rediyamu kochepa kwambiri, kosaoneka ndi maso. Kakhala kakuchita zimenezo kuyambira ndisanabadwe."

Anayamba kumufotokozera, Chizungu chikamulemera Lemson n'kusakaniza ndi Chilapalapa. Anati chinthu chilichonse, mwala, madzi, mnofu wa munthu, ukachigawa n'kuchigawabe umafika pa tinthu ting'onoting'ono totchedwa maatomu. Atomu iliyonse ili ndi kanjere pakati, ndipo kulemera kwake pafupifupi konse kuli m'kanjereko. Kanjerekonso ndi mtolo wa tizidutswa tothinana. Tina mwa tizidutswato timakankhana mwachibadwa, koma pali mphamvu ina imene imatimanga pamodzi. M'chitsulo kapena m'madzi mtolowo ndi womangika bwino, sumasuka. Koma kanjere ka rediyamu n'kodzaza mopitirira. Tsiku lina kamalephera kudzigwira, n'kutaya chidutswa mwamphamvu. Kamoto kalikonse kamene anaona m'chubu kanali chidutswa chimodzi chikumenya pa galasi lopakidwa mankhwala owala.

"Ndiye kuti ndi moto," anatero Lemson.

"Ayi. Moto umafuna mpweya, ndipo ukauthira madzi umazima. Ichi uchimize m'madzi, uchiike pa ng'anjo, uchikwirire pansi, chizichitabe chimodzimodzi."

Tsikulo Lemson anapita kunyumba mutu utaima. Sanamuuze kanthu Aida, chifukwa ankadziwa kuti akangofunsidwa funso lachiwiri agwa. Anabwereranso kwa sisita mawa lake ndi mafunso amene anamusowetsa mtendere.

"Amakauza ndani kanjereko kuti lero ndi tsiku lako?"

"Palibe akudziwa. Ngakhale aphunzitsi aakulu a kwathu sadziwa kuti kotsatira ndi kati. Chimene tikudziwa n'chakuti pakapita zaka pafupifupi 1,600, theka la tinjere tonse limakhala litasweka."

Lemson anakonda yankholi. Anali asanamvepo mzungu akuvomera kuti pali chimene azungu onse sachidziwa.

Tsiku lina sisitayo anatulutsa botolo lokhala ndi timasamba tiwiri tagolide topyapyala m'kati. Anapukuta kamtengo ka labala pa juzi yake, nakhudzitsa pamwamba, timasambato n'kutambasuka ngati mapiko a gulugufe. Atayandikiza nkhope ya wotchi yakale, ya manambala owala mumdima, timasambato tinafota msanga. Anayambanso, koma anatchinga ndi pepala; tinafota pang'onopang'ono. Atatchinga ndi chivindikiro cha chitini, tinachedwa kwambiri. Atatchinga ndi mtovu, Lemson anayang'anitsitsa mpaka maso kuwawa asanaone kusuntha.

"Zotuluka zilipo mitundu itatu," anatero sisita. "Choyamba, alifa, n'cholemera koma pepala limachiimitsa. Chachiwiri, beta, chimapyola pepala n'kukaima pa chitsulo chopyapyala. Chachitatu, gama, si chidutswa ayi, ndi kuwala kosaoneka, m'bale wake wa ekisire. Chimenecho chimapyola mnofu. Khoma la singano limagwira ziwiri zoyambazo, n'kulola chachitatu chokha kuti chituluke."

"Nanga chimadziwa bwanji kuti uwu ndi mnofu wodwala, uwu wabwino?"

"Sichidziwa. Chimapweteka wonse. Koma mnofu wa khansa uli pa changu chochulukana, ndipo ndi umene umayamba kufa. N'chifukwa chake timalowetsa masingano m'chotupa momwemo, n'kuwachotsa nthawi isanapitirire. Ukatalikira, mphamvu yake imachepa msanga. Mtengo wako uja ntchito yake ndi imeneyo."

"Mkazi wanga angachire?"

"Ena amachira, ena ayi. Sindikunamiza. Komanso Lemson, usaiwale kuti masinganowa sanawolokepo bwalo ili."

Iye anati za bwalo aziona pambuyo. Anapempha kubwereka kachubu kamkuwa kaja. Sisitayo anazengereza, kenako anakakulunga m'kansalu n'kumuuza kuti Lolemba kabwere.

Lamlungu atachoka ku tchalitchi, Enock ali pomwepo, Lemson anatseka zenera ndi saka, namufunditsa Aida bulangete kumutu dzuwa lili phwee kunja. Anamugwiritsa kachubu kaja, namuuza kuti adikire, kenako asuzumire. Panapita nthawi. M'bulangetemo munatuluka mawu.

"Ii! Zikuthetheka!"

Lemson anakhala pansi pafupi naye n'kuyamba kufotokoza m'Chichewa, chinthu chimene anakhala akuchiyeserera m'njira mlungu wonse. Ananena za tinjere todzaza mopitirira, za mitundu itatu, za mnofu wa changu umene umayamba kufa. Ananenanso kuti khungu lidzapsa, ndi kuti ena sachira. Aida anafunsa mafunso ake, iye n'kuyankha amene ankawadziwa. Pa amene sankawadziwa ankati, "Pamenepo sindidziwa."

Aida anavundukula bulangete, thukuta lili kamukamu.

"Ndamva. Zili ngati nsatsi ndikaziyanika pamphasa. Sungaloze kuti ithetheke ndi iyi, koma ukudziwa kuti pofika madzulo zambiri zikhala zitaponya njere."

"Eya. Kungoti izi sizidikira dzuwa."

Enock anakana kusuzumira. Anati ndi matsenga a azungu, ndipo munthu sachira ndi chinthu chimene mwini wake akuchiopa.

"Achimwene," anatero Aida, "mpeni wanu wa kukhitchini simuuopa? Koma mumagwira nawo ntchito. Bambo ake a Bernard, akavomera kundipatsa, ine ndavomera."

Lolemba Lemson anadikira Dokotala Ormsby pamene ankaimika galimoto. Dokotalayo anamvetsera chikwama chili m'manja, kenako anapukusa mutu. Anati rediyamuyo si ya iye, ndi ya komiti ya amene anasonkha, ndipo anagulira mbali ya azungu.

"Bwana, ndifunse nawo. Masingano akagwira ntchito m'thupi mwa munthu, amatha?"

"Satha. Ali m'kabati kapena m'munthu, akusweka chimodzimodzi. Ndikudziwa kumene ukupita, Lemson, ndinadzifunsapo kale zimenezo. Vuto si rediyamu. Matironi akuopa kuti madona adzakana masingano amene analowa mwa munthu wakuda."

"Si amawiritsidwa, bwana?"

"Amawiritsidwa." Dokotalayo anapumira m'mwamba. "Ndikafunsa ku komiti. Usayembekezere zambiri."

Milungu inapita. Komiti sinakumane, kenako inakumana n'kukamba zina. Chotupa chinayamba kufiira, ndipo Aida anasiya kuchapa. Mmawa uliwonse Lemson ankaima pamalo a galimoto, chipewa m'manja, n'kupereka moni. Sankapempha kanthu. Ankangoti, "Akadali moyo, bwana." Dokotalayo anayamba kuimika galimoto kuseri. Lemson anapita kuseriko. Matironi anamuitana n'kumuchenjeza kuti anthu ofuna ntchito ali mbwee pageti, ndipo munthu wochotsedwa ntchito chitupa chake sichimulola kukhala m'tauni. Iye anati wamva, mawa lake n'kuimanso.

Amene anatsegula njira ina anali Enock. Madzulo ena anafika n'kupeza mlongo wake akulephera kuvala yekha bulauzi. Anatuluka panja, namuitana Lemson.

"Alamu, ine maganizo anga sanasinthe. Koma wasankha yekha, ndipo nthawi ikutha. Mkulu wa komiti yanuyo ndi Bwana Treloar, amene anali manijala wa mgodi. Khukhi wake ndi Simeon wa ku Dedza, timapemphera limodzi. Akuti akadya masana amakhala pakhonde lakuseri n'kumasuta kaliwo."

"Mukandiperekeza?"

"Mpaka pageti. Kupitirira apo ndi inu."

Ulendo woyamba Treloar sanamulole n'kutsegula pakamwa komwe. Anakuwa kuti "Hamba!" ndipo galu anamung'ambira buluku. Loweruka lotsatira Lemson anabweranso atasoka bulukulo, naima patali pomwe unyolo wa galu sunkafika. Mkuluyo anamuzindikira, ndipo mwina kudabwa ndi kumene kunamuletsa kumuthamangitsanso. Lemson analankhula Chilapalapa cha ku mgodi, chimene onse awiri ankachidziwa bwino. Anati ndi iye amene amanyamula bokosi la komiti. Anati masinganowo masiku ambiri amangogona m'kabati, ndipo mkazi wake akufa kutsidya kwa bwalo lomwelo. Sanalire, sanagwade.

"Unagwira mgodi uti?" anafunsa Treloar.

"Wankie, bwana. Pansi."

Mkuluyo anagogoda kaliwo wake pa mpando, naimirira, nalowa m'nyumba. Lemson anadikira mpaka Simeon anabwera kudzamuuza kuti azipita.

Chimene chinachitika ku komiti Lemson sanachidziwe mpaka imfa yake. Ena ankati ndi Treloar, ena ankati Sisita Dunmore anaopseza kuti asiya ntchito, ena ankati dokotala yemwe anatopa n'kumenya tebulo. Iye anangoona Dokotala Ormsby akumuitana, nkhope ili yofiira.

"Unapita kunyumba kwa wapampando osandiuza. Ukanachotsedwa ntchito."

"Ndinkadziwa, bwana."

"Avomera. Pokhapokha pamene palibe wodwala wachizungu akudikira. Ubwere naye Lachiwiri asanadye kanthu."

Lachiwirilo Lemson anakoleka bokosi pa ngowe monga mwa masiku onse, koma m'malo mokhotera kumanja anatsika masitepe n'kulowa m'bwalo. Ulendowo unali wautali kuposa uliwonse umene anayendapo ndi bokosilo, ndipo pakati pa bwalo mikono inayamba kutopa. Ochapa ndi osesa anasiya ntchito n'kumamuyang'ana. Sanalitule pansi mpaka anafika.

Aida anamugoneka m'kachipinda kamene kale ankasungiramo zidebe, chifukwa sankayenera kuyandikana ndi odwala ena. Anakhala ndi masingano m'thupi pafupifupi mlungu wathunthu, osaloledwa kutembenuka. Ankasanza, ndipo chakudya chinkamunyansa. Lemson sankaloledwa kukhala pambali pake. Akaweruka ankaima pakhomo n'kumamuuza za ana, za mtengo wa ufa, za mkangano wa pa mpopi wa madzi, chilichonse chimene chinabwera m'mutu.

Zovuta zenizeni zinabwera masingano atachotsedwa. Khungu linafiira, linatuwa, kenako linasupuka n'kumachucha madzi. Aida ankalira akamutsuka. Tsiku lina anamutembenukira mwamuna wake ndi ukali.

"Mwandiwotcha inu ndi mafunso anu! Bola ndikanapita ndi achimwene."

Lemson anatenga beseni n'kukataya madzi. Mumtima ankaopa kuti mwina mkaziyo akunena zoona. Anakafunsa kwa sisita ngati kupsa kotero n'koyenera, ndipo anamuuza kuti ndi momwe zimakhalira, apirire. Anabwerera n'kupitiriza kusintha nsalu mmawa ndi madzulo.

Mvula itayamba, chilonda chinauma. Chotupa chinali chitachepa, ndipo chinapitiriza kuchepa mpaka panatsala chipsera cholimba, chotuwa. Mkono wakumanzere sunabwererenso mwakale. Sankatha kuutukula kupitirira phewa, ndipo zochapa anazisiyiratu. Koma anabwerera ku nsatsi zake, kuseka kwake kunabwereranso. Enock atamuona akusinja ndi dzanja limodzi anangoti, "Alamu, ndaona," ndipo nkhaniyo sanaikambenso.

Mbiri inawanda mu Lokeshoni. Azimayi amene ankabisa zotupa anayamba kufika pakhomo pa Aida, achindebele, achishona, achilozi ndi a kwathu. Iye ankawalowetsa m'nyumba, n'kutseka chitseko, n'kuwaonetsa chipsera. Amuna awo ankakhala panja ndi Lemson, amene ankawafotokozera za tinjere m'chinenero chilichonse chimene akanatha. Si onse amene chipatala chinawalandira. Ena ankadikira nthawi yoti masingano apume mpaka matenda kuwapitirira, ndipo ena analandira koma anamwalirabe. Lemson sankalonjeza munthu kuchira. Ankangoonetsetsa kuti wolowa m'kachipinda kaja akudziwa chimene chikukamuchitikira. Bokosi linawoloka bwalo kambirimbiri, mpaka anapempha mnzake wa ku njanji kuti amukhomere kangolo ka zigwiriro zazitali.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ikutha, mu 1945, kunamveka kuti bomba limodzi lafafaniza mzinda wathunthu ku Japan. Amuna a mu Lokeshoni anabwera kwa iye ndi nyuzipepala kuti awauze ngati ndi zinthu zake zomwe zija. Anawerenga pang'onopang'ono, kenako anati ndi tinjere ta mtundu wina wa chitsulo cholemera, ndipo anthu apeza njira yotiswa tonse nthawi imodzi m'malo modikira kuti tisweke tokha. Wina anafunsa ngati bokosi lake lingaphulike. Anati ayi. Koma masiku amenewo ankalikankha ali duu, osayankha moni.

Chaka chotsatira Aida anayamba kudandaula msana. Sisita Dunmore anali atabwerera kwawo, ndipo dokotala watsopano atajambula anati matenda aja alowa m'mafupa, kumene masingano sangafike. Aida analandira uthengawo modekha kuposa mwamuna wake. Anali ataona Bernard akuyamba ntchito ya ukalipentala, ndiponso atanyamula mdzukulu wake woyamba. Anamwalira m'nyengo yozizira ya 1946, m'nyumba mwake, azimayi amene anawathandiza atadzaza mpaka panja. A bungwe la maliro la anthu a ku Nyasaland anamuika m'manda a kuno.

Pamenepo nsonga za zala za Lemson zinali zitauma n'kung'ambika, zikhadabo zikuthetheka, ngakhale ankasamala zaka zonsezo. Enock anali atakalamba ndipo anaganiza zobwerera kumudzi. Anabwera kudzatsanzika katundu atamanga kale.

"Tiyeni limodzi, alamu. Mwatsala ndi chiyani kuno? Taonani manja anuwo. Kumudzi munda wa atsibweni anu ukungomera tchire."

"Pitani bwino, alamu. Mukawauze kuti tinamusunga bwino."

"Ndiye simubwera?"

"Lolemba kukubwera mayi wina wa ku Luveve. Mwamuna wake akukana, akuti akufuna amve kaye kwa munthu amene anazionapo. Ndinawauza kuti andipeza pageti la chipatala."

Enock anapukusa mutu, koma sanalimbikire. Lemson anamangirira sutikesi ya mlamu wake pa njinga n'kumuperekeza wapansi mpaka ku siteshoni. Anamupezera malo pafupi ndi zenera, namupatsira botolo la tiyi ndi mbatata zootcha. Sitima itanyamuka anakwera njinga, nadzera kumsika kukagula sera wopaka m'zala, n'kubwerera ku Makokoba dzuwa lisanalowe.